Nthanga Zisanu Pansi pa Eyakoni

Anthu akamva kuti ndinkagwira ntchito ku Dubai Marina amaganiza kuti ndinkagonanso komweko, m'nyumba zazitali zija. Ayi ndithu. Ife okolopa m'hotela kampani inkatigoneka kutali, m'katauni ka asodzi m'mphepete mwa nyanja, ndipo basi inkatitenga m'mamawa n'kutibweza madzulo. Katauniko kanali ndi mzikiti, kagolosale, kanyumba kogulitsa tiyi, ndi maboti ogona pamchenga. Miyezi yotentha kankakhala ngati anthu anasamukamo. Aliyense m'nyumba, mawindo otseka, eyakoni yoziziritsa m'nyumba ikungolira. Panja pankaoneka amphaka okha, nawonso atabisala pansi pa magalimoto.

M'chipinda chathu tinalimo anayi. Wamkulu anali bambo wina wa ku Chipata, mlonda pahotela yathu yomweyo, amene tonse tinkangowatchula kuti Achikulire. Ine ndi iwowo tinkakangana tsiku lililonse pa nkhani zopanda mutu. Iwo akati chibwabwa, ine ndimati nkhwani, mpaka anzathu awiri aja ankatithawa. Pakamwa panga sipachedwa kupsa, koma Achikulire ankangoseka n'kunena kuti, “Anthu a ku Ntcheu mumabadwa mukukuwa.”

Kumapeto kwa Ogasiti, Achikulire akufunafuna singano m'chikwama chawo chakale, anapeza kansanza ka chitenje komanga mfundo. Atamasula anapeza nthanga za maungu zisanu. Anakhala pabedi nthawi yaitali, kansanza kali m'manja. Kenako anandiuza kuti anamanga ndi akazi awo, tsiku limene ankatsanzikana nawo komaliza. Mayiwo sanaionepo nyanja chibadwire, ndiye ananena moseka kuti, “Mukadzale kunyanja kwanuko, ine ndidzabwera kudzathyola ndiwo.” Chaka chisanathe anamwalira, ndipo Achikulire anafika ataikidwa kale. Mbewu za kumunda kwa mayiwo palibe anasunga. Zinatsala ndi zisanu zomwezo.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kampata pakati pa khoma ndi mpanda wa njerwa, pamene mapaipi a eyakoni a zipinda zonse ankadonthera. Achikulire anakumba mchenga, n'kuthiramo dothi logula ndi manyowa a mbuzi, n'kudzala pamene madzi ankadonthera penipeni. Zonse zisanu zinamera. Ife mate anayamba kudzadza m'kamwa, poti nkhwani wotendera tinali titamuiwala kukoma kwake, koma Achikulire anaika lamulo: tsamba ngakhale limodzi lisathyoledwe. Iwo ankafuna dzungu limodzi lokha likhwime, atenge nthanga zake akadzale kwawo, mbewu ya akazi awo isathere m'chikwama.

Mu Okutobala anapatsidwa tchuthi cha milungu isanu kuti akamange chiliza cha mayiwo. Tsiku lonyamuka ananditengera kuseri kuja.

“Mphwanga, ana awa ndakusiyira iwe.”

“Aa, Achikulire, ntchito yake iti pamenepa? Eyakoni ikuthirira yokha. Pitani bwino, mudzapeza maungu akukudikirani pageti.”

Patangotha masiku ochepa, kutentha kunaduka. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse chisangalalo chake. M'mawa wina unangotuluka panja n'kupeza kamphepo kakukusisita kumaso, thukuta osatuluka. Katauni konse kanadzuka. Azigogo aamuna anatulutsa mabenchi kugombe n'kumamwa khofi m'timakapu tating'ono. Azimayi ankayenda m'magulu madzulo, ana akuwazungulira pa njinga. Maboti anabwerera m'madzi, ndipo fungo la nsomba zootcha linkafika mpaka m'chipinda mwathu, chifukwa tsopano tinkatsekula mawindo. Eyakoni tinazimitsa. Nyumba yonse inazimitsa, chipinda ndi chipinda, aliyense akuti wapuma phokoso.

Ine ndiye ndinapenga nayo nyengo imeneyi. Ndikangotsika basi, yunifolomu phuu pabedi, ulendo kugombe kukamenya mpira ndi anyamata a m'maboti, kenako tiyi wamkaka wotchedwa karaki pakanyumba kaja. Masiku asanu ndi anayi sindinapondeko kuseri kwa nyumba. Paja amati chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Tsiku langa lopuma ndinamva munthu akukuwa kuseri kuja. Kutsidya kwa mpanda wathu kunali bwalo la msodzi wina wokalamba wa ku India, amene ankakhalira kusoka maukonde. Ndinamupeza atakwera pa kreti, mutu wokha ukuoneka pamwamba pa mpanda, akuloza pansi n'kumakuwa kuti, “Pani! Pani!” Mawu amenewo ndinkawadziwa, ndi madzi. Nditayang'ana pamene ankalozapo, ndinasendera pafupi. Mapaipi onse anali gwa, ouma. Mitengo inayi ya maungu inali itagona pamchenga, masamba ngati fodya wouma. Umodzi wokha, wa pakona pamthunzi, unali utafota koma nsonga yake idakali yobiriwira.

Ndinakhala pansi pomwepo n'kugwira mutu. Ndinadzitukwana ndi mawu amene sindingawalembe pano. Munthu wandisiyira chinthu chomaliza chimene mkazi wake anagwira ndi manja, ine n'kukachisinthanitsa ndi mpira wa pamchenga! Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo.

Madzi a pampopi wathu anali amchere, moti tinkangosambira ndi kuchapira. Koma panja pa mzikiti panali thanki ya madzi abwino, oikira aliyense wodutsa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka basi isanabwere n'kupita kumeneko ndi zigubu ziwiri. Wosamalira mzikiti atandifunsa, ndinamufotokozera ndi manja ndi Chingerezi changa chothyoka. Anangogwira pachifuwa pake n'kunena kuti, “Inshallah,” ndipo mawa lake ndinapeza atandidzadzira kale chigubu china. Nkhani inafala m'katauni. Wa tiyi uja anayamba kundisungira masamba a tiyi otha ntchito kuti ndizithira patsinde. Wa golosale anandipatsa katoni yotchingira dzuwa la masana. Anzanga a m'chipinda ankandiseka kuti ndakwatira dzungu, koma tsiku limene ndinali pa shifiti yaitali ndinapeza mmodzi wa iwo atathirira.

Achikulire akaimba foni ankafunsa, “Ana ali bwanji?” Ine ndinkati, “Ali bwino, akukula.” Bodza limenelo linkandivutitsa tsiku lonse.

Mtengo wotsalawo unatsitsimuka. Unayanga, unakwera mpanda, nsonga n'kugwera kutsidya. Chiluwe chinayamba kutuluka, koma chinkangothothoka osasiya kanthu. Njuchi kunalibe. Ndiye m'mawa wina ndinamugwira msodzi uja ali pa kreti yake, dzanja lili mbali yathu, akuthyola duwa. Ine mutu unayaka.

“Iwe mdala iwe! Wakuba! Ukufuna ndiwo? Khalas, basi, choka apo!”

Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu mwa kwawo kuja, n'kutsika ndi duwa lake. Kuyambira pamenepo ndinasiya kumupatsa moni.

Achikulire anabwera Novembala akupita kumapeto, ataonda, tsitsi litachita imvi zambiri. Sindinadikire kuti amasule chikwama. Ndinawauza zonse nditaimirira pakhomo: za eyakoni, za mpira, za bodza la pafoni, ndiponso kuti mtengo umodzi wotsalawo sunabereke. Ndinkafuna andikalipire, ngakhale kundimenya mbama. Iwo anangoti, “Tiye tikaone.”

Anaima pa malo anayi ouma aja, n'kumayang'ana amodziamodzi. Anagwira tsamba la mtengo wamoyowo, n'kulitembenuza, n'kulisiya. “Wayesetsa, mphwanga,” anatero. Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama.

Tili chiimire, mutu wa msodzi uja unatulukira pamwamba pa mpanda. Ataona Achikulire anamwetulira, mano ake atatu onse panja, n'kuyamba kutikodola. “Yalla, yalla!” Ine ndinati tisapite, ameneyo ndi wakuba maluwa. Achikulire anali atanyamuka kale.

Tinazungulira nyumba n'kulowa m'bwalo lake, tikuponda maukonde ndi zingwe. Nsonga ija inali itatsika mpanda n'kuyanga pa mtengo woyanikapo ukonde. Pamenepo panali dzungu. Linali lalikulu ngati mutu wa mwana, la mawangamawanga, litakhala m'kathumba ka ukonde kamene msodziyo analisokera kuti lisaduke ndi kulemera. Iye anathyola duwa lina, n'kulisenda, n'kutionetsa mmene ankalikhudzitsira pa duwa linzake, ntchito ya njuchi. Kenako anandiloza ine, n'kutengera mmene ndinkakuwira tsiku lija, manja m'mwamba, n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndinamugwira dzanja ndi manja anga awiri. Shukran yekha, zikomo wa kuno, anandichepera, koma ndi amene ndinali naye.

Bwalo limenelo linalibe mpanda mbali ya kugombe. Kuchokera pamene panali dzungupo, nyanja inkaoneka yonse, maboti akubwerera, ana akuthamangitsana m'mphepete mwa madzi. Achikulire anavula chipewa. Ananjuta pang'onopang'ono, maondo akulira, n'kuika chikhatho pansi pa dzungu lija ngati akulipepuza.

“Mwafika, amake ana,” anatero ndi mawu apansipansi. “Nyanja ija ndi imeneyi.”