Mbaula ya Miyendo Italiitali

A Reinford Namakhwa anathyola tiyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ntchito yawo munkaidziwa musanafunse: msana wowerama pang'ono chifukwa cha dengu, ndi zala zakuda zosamva sopo. Sanali munthu wodandaula. Ankakonda kuzizira kwa chiperoni, ankakonda kuyimba besi kutchalitchi tsiku la Sabata, ndipo minda ya pa esiteti ankaidziwa kuposa abale awo a kwa Mphuka. Koma mu 2002 mawondo anayamba kukana zitunda, ndipo anadziwa kuti dengu latsala pang'ono kuwagonjetsa.

Pamsika wa pafupi ndi komboni panali a Fackson, mkulu amene anapuma ntchito ku wekishopu ya pa esiteti n'kutsegula kashedi kowotcherera zitsulo. Ankafuna wowathandiza, koma anali munthu wovuta kumusangalatsa. A Reinford atakapempha malowo, mkuluyo anawayang'ana manja nthawi yaitali.

"Muzibwera Lamulungu masana, poti inu a Sabata tsiku limenelo mumangokhala," anatero a Fackson. "Mundipangire mbaula yowotchera chimanga. Ikandikhutiritsa, dengu mudzalisiya."

Lamulungu loyamba linali la manyazi. Kandodo kowotcherera kankangomatirira pachitsulo, a Reinford n'kumalimbana nako ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Kenako anachotsa galasi lakuda kumaso kuti aone bwino, poti anazolowera kuti ntchito imafuna maso. M'mawa mwake anadzuka m'maso muli ngati mwathiridwa mchenga, ndipo akazi awo, a Callista, anawaika masamba onyowa a tiyi pazikope uku akuseka.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika Lamulungu lachitatu, mgolo wakale unali utadulidwa pakati, utabooledwa mabowo a mpweya, ndipo pamwamba panali tizitsulo ta bedi lothyoka toikapo chimanga. Panatsala miyendo basi. Tsiku limenelo a Fackson anapita kumaliro kwa Nchilamwela, tepi yoyezera ili m'thumba mwawo.

A Reinford sanavutike nazo. Munthu wothyola tiyi amadziwa muyeso umodzi wokha: tiyi amasungidwa wofika m'chiuno, pamwamba pake pali see, kuti manja onse awiri aziyenda munthu ali chilili. Anaimika paipi pambali pa thupi lawo, n'kudula pamene panafika chiuno. Atawotcherera miyendo inayi ija, anagoneka ndodo yawo ya kumunda pamwamba, monga amachitira poona ngati tiyi walingana. Zinalingana, ndipo mtima wawo unakhala pansi.

A Fackson atabwerako anaizungulira mbaulayo kawiri.

"Aphiri, iyi ndi mbaula kapena guwa? Azimayi amawotcha chimanga atakhala pansi. Mukadule miyendoyi pakati. Mukapanda kudula, ine munthu wosamva sindigwira naye ntchito."

Anawabwereka sowo, ndipo a Reinford anasenza mbaula kupita nayo kunyumba kuti akadule Lamulungu linalo.

Tsono a Callista nawonso anathyolapo tiyi, mpaka msana unawaletsa. Kuyambira pamenepo ankawotcha chimanga pa siteji ya minibasi, atawerama pa kambaula kakang'ono tsiku lonse. Podzuka ankayamba agwira mawondo, kenako chiuno, n'kuima kaye osalankhula. Mlungu umenewo anati angoyesa yatsopanoyo isanadulidwe, aone ngati ikusunga makala.

Lachitatu a Reinford akuchokera kumunda anawaonera patali. A Callista anali chilili, msana uli nga, manja onse awiri akutembenuza chimanga mofanana ndi mmene ankathyolera tiyi ali mtsikana, uku akung'ung'uza nyimbo ya kutchalitchi. Poweruka ananyamula beseni lawo n'kuyamba kuyenda, osagwira paliponse. A Reinford anamva chisoni chachikulu, chifukwa zaka zonsezo ankaona kudzuka kuja n'kumangoti ndi ukalamba.

Lamulungu m'mawa anatulutsa sowo. A Callista anaiyang'ana, n'kuyang'ana mbaula.

"Dulani, bambo a Tisungane," anatero mofatsa. "Mawondo anuwo sangapirirenso chaka china. Ine ndinazolowera kale."

A Reinford anakhala pakhonde nthawi yaitali sowo ili pamiyendo. Masana anakaibweza kwa a Fackson osadula nayo kanthu, mano ake ali oyera.

"Ndiye kuti mwasankha dengu," anatero a Fackson.

"Ndasankha, bambo."

Anabwereradi kudengu, ndipo mawondo sanawachitire chifundo. Komabe ankayimba potsika zitunda, chifukwa madzulo aliwonse ankapeza akazi awo ali chilili, akucheza ndi makondakitala.

Patapita mwezi, a Fackson anaima pa siteji paja pamene a Reinford ankathandiza kulongedza. Anagula chimanga chimodzi, n'kuponda mwendo wa mbaula ndi nsapato. Sunagwedezeke.

"Kuwotcherera kwake n'konyansa, koma kwagwira," anatero akutafuna. "Mayi Teleza a zibwente aja andisowetsa mtendere, akufuna yotereyi. Enanso awiri afunsa. Ine pa tepi yanga muyeso umenewu palibe."

"Muyeso wake ndi chiuno cha mwiniwake, bambo."

"Ndiye mubwere Lolemba."

"Lolemba ndimakhala kumunda."

"Ndati Lolemba, aphiri. Kapena kuwala kuja kunakutsekaninso makutu?"

A Reinford anangoyang'ana pansi akumwetulira. A Callista anapitiriza kuzimitsa makala, osadzutsa mutu.

"Zitsulo akadule okha," anatero. "Koma ziuno za azimayiwo ndizikayeza ndine."