Kabokosi Kachiwiri

Amayi anga analibe chithunzi, kupatula cha pa chiphaso cha unzika, pomwe amaoneka ngati munthu wogwidwa ataba nkhuku. Ine ndinali nditajambula zinkhoswe ndi maukwati kuyambira ku Naisi mpaka kwa Malemia ndi makamera obwereka, koma ndikangoloza kwa iwo ankadziphimba kumutu ndi chitenje. Chaka chimene miyendo yawo inayamba kutupa, mantha anandigwira. Ndinaona kuti atisiya ndilibe nkhope yawo yoonetsa ana anga.

Pa Songani panali bambo wina wachisilamu woitanitsa katundu ku Joni, ndipo anandiyalira makamera awiri. Ina inali yaikulu, yolemera ngati njerwa, yokhala ndi galasi m'kati. Ukadina, galasilo limadumpha n'kulira kuti kwatcha, ndipo pa kamphindi komweko diso lako limaona mdima. Inayo inali kakamera kakang'ono kolowa m'thumba, kopanda galasi, kojambula mwakachetechete. Kakapeza nkhope ya munthu kankaizinga ndi kabokosi kobiriwira, kakapeza diso kabokosiko kankachepa n'kukhala padisopo. Anandiuza kuti nditenge onse awiri ndikayese kunyumba, n'kundiseka kuti yaikuluyo ndi ya anthu ofuna kuti mudzi wonse udziwe kuti kwabwera wojambula.

Mtima wanga unali kale pa kakang'onoko, chifukwa amayi sakanakamva.

Masana ake kunja kunali kotentha, mitambo itaunjikana paphiri koma mvula osagwa. Amayi anali pa mkeka kuseli kwa nyumba, akusankha mpunga m'lichero. Chimwalirireni bambo, iwo ankakhala kumphepete kwa mkeka nthawi zonse, ndipo ife tinkangoti ndi chizolowezi cha ukalamba. Ndinaima pakona pa khitchini n'kukweza kakamerako.

Kabokosi kanagwira nkhope ya amayi bwinobwino. Kenako panatulukira kachiwiri, pambali pawo, chapamwamba pang'ono, pamene pangafike mutu wa mwamuna atakhala pansi. Pamalopo panalibe kanthu, khoma la njerwa basi. Ndinapukuta diso la kamera ndi malaya, ndinasuntha mapazi, koma kabokosiko sikanachoke. Nkhuku yomwe inkatola mpunga wogwa inafika mbali imeneyo, inaima, n'kuzungulira kutali. Ndili chiyang'anire, kabokosi kachiwiri kaja kanachepa. Kanali katapeza diso.

Chala changa chinali pabatani. Amayi sanadzutse mutu, ndipo manja awo sanaleke kusankha mpunga.

"Iwe, bambo ako zojambulidwa mobera sazifuna. Ukudziwa."

Ndinatsitsa kakamerako osadina.

Ine ndine munthu wa kwaya, za mizimu sindizitengera. Nditabwerera ku Songani, wamalonda uja anandiuza kuti timakina timeneti timanama, timaona nkhope pa njerwa, pa maungu, ngakhale pa matako a mphika. Ndinamuvomereza mokweza, tinaseka limodzi. Komabe ndinamubwezera kakang'onoko n'kutenga yaikulu ija, iye n'kumapukusa mutu kuti ndadzigulira matenda a phewa.

Kunyumba sindinabisenso. Ndinawaonetsa amayi, ndinaloza kumwamba n'kudina kuti amve kulira kwake. Anafunsa chimene chikulira, ndipo ndinawafotokozera za galasi lija, ndi kuti pa nthawi yeniyeni yojambulayo ineyo sindiona kanthu. Anasisita bondo.

"Imeneyo ili ndi ulemu," anatero. "Imagogoda, ndiponso imatsinzina."

Analowa m'nyumba, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anamanga duku, n'kubwera kudzakhala pa mkeka, kumphepete komwe kuja. Ndinawapempha kuti asendere pakati. Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikadutsa pakati pa akuluakulu osawerama, ndipo sindinabwerezenso. Anandilola kudina kamodzi kokha. Maso awo anali pa ine, nkhope ili gwa, ngati ya pa chiphaso ija. Galasi linalira, mdima unadutsa, ndipo kuwala pobwerera anali akundiyang'anabe chimodzimodzi.

Amayi anatisiya m'nyengo yomweta mpunga kudambo. Kamera yolemera ija ndikadali nayo, phewa limandiwawadi, ndipo anzanga a ntchitoyi onse anasamukira ku tating'ono tija. Ine ayi. Sindifuna chondiwerengera amene abwera pachinkhoswe.

Chithunzicho chili pabalaza. Odziwa kujambula akachiona amati ndinalakwitsa, munthu ali kumbali, theka lonse ndi khoma, bwanji osadula. Sindidula. Pa chithunzipo amayi sakuyang'ana ine. Atembenukira kukhoma kuja, chibwano chili m'mwamba pang'ono, akumwetulira mmene sindinawaonepo chimwalirireni bambo. Anachita zimenezi mu mdima uja, ine nditatsinzina.