Mayina Awiri a Tionge Luhanga

Tsiku limenelo Tionge Luhanga wa ku Hewe anali atatunga madzi maulendo atatu, kuchapa matewera a mwana wake Mtende, kusoka fodya wa eni ake mpaka zala kuda bii, n'kusiya nyemba pamoto kuti mlamu wake azisonkhezera. Kenako anabereka mwanayo n'kukwera matola wa ku boma. M'chikwama munali satifiketi ya Fomu 2 ndi chitupa cha unzika.

Sukulu anailekera Fomu 3 chifukwa cha mimba, mwini mimbayo n'kuthawira ku Joni. Patapita zaka zitatu, dzina lake linatuluka pa atsikana okaphunzira kulumikiza magetsi a sola. Chotsala chinali kuonetsa mapepala basi, lisanafike Lachisanu la sabata yotsatira.

Ku ofesi, kalaliki anayang'ana satifiketi, n'kuyang'ana chitupa.

"Apa Ida Harawa. Apa Tionge Luhanga. Inuyo ndinu ndani, mayi?"

"Onsewo ndine."

"Aliyense amatero. Sitingathe kuvelifaya. Wotsatira."

"Kuvelifayako n'kutani?"

"Mukanamaliza sukulu mukanadziwa."

Anthu a pabenchi anaseka. Tionge anatola mapepala ake n'kutuluka.

Chiyambi chake n'chakuti atakhoza Sitandade 8 koma osasankhidwa, akuluakulu anapangana kuti abwereze ndi dzina lina, poti kumeneko ankati wobwereza ndi dzina lomwelo sasankhidwa. Anamuveka dzina la msuweni wake Ida, yemwe anali atasiya sukulu kale. Tionge anali ndi zaka khumi ndi zitatu ndipo palibe anamufunsa. Tangoganizani inu owerenga. Kuwerenga anawerenga ndi iye, mayeso analemba ndi iye, lero akumuyang'ana ngati waba pepala la mwini.

Amene analemba dzinalo m'kaundula anali a Hezron Msiska, mphunzitsi wamkulu wa nthawiyo, tsopano opuma pa ntchito komanso mkulu wa mpingo. M'mawa mwake Tionge anawapeza pakhonde akusankha mbewu ya mtedza. Anagwada, n'kuwafunsa kaye za mawu aja a kuvelifaya. Nkhope yawo inawala, poti panali patapita nthawi osaphunzitsa munthu.

"Mawuwo si a Angerezi enieni, mwana wanga. Iwo anatenga kwa Afalansa, Afalansa kwa Aroma. Pa Chilatini, verus ndi zoona, facere ndi kuchita. Ndiye kuti kuchitapo kanthu kuti zoona zitsimikizike. Ife ku mishoni tinkaloweza zimenezi."

"Ndiye kuti zoona sizipita zokha ku ofesi? Pamafunika munthu?"

"Ndithu. Amene anaona, aime anene."

"Amene anaona ndinu asambizgi, aphunzitsi anga. Cholembera chinali m'dzanja lanu."

Mtedza unasiya kugwa m'lichero.

"Ndinakuthandiza, Nyaluhanga. Popanda ine sukanaponda ku sekondale."

"Yewo chomene. Munandithandiza n'kundisiya wopanda dzina."

"Ine mkulu wa mpingo, ndikalumbire kukhothi kuti ndinalemba bodza?"

"Bodzalo munalemba kale. Chatsala n'kunena."

Anamuuza kuti azipita. Anapitadi, koma osati kukalira. Anakatenga khadi lake la ubatizo kwa abusa. Anayenda wapansi kukafika kwa Ida kuti akachitire umboni, Ida n'kumuuza kuti mwamuna wake safuna zamakhothi, ndipo dzina analibwereka yekha, alibweze yekha. Anapita ku pulayimale yake yakale, kumene anamuonetsa kabati yomwe chiswe chinadya makaundula onse. Njira yotsala inali khonde la a Msiska.

Loweruka m'mawa anafika, n'kupereka moni, n'kukhala pansi. Sanapemphe kanthu. Anayamwitsa Mtende, dzuwa litafika pamutu n'kunyamuka. Lasabata anakhala kumbuyo kutchalitchi n'kumawayang'ana akuwerenga Mawu. Lolemba anabweranso. Lachiwiri anabweranso. Anthu odutsa anayamba kuchepetsa liwiro la njinga kuti aone bwino.

Lachiwirilo akazi awo, a Anne, anatuluka ndi tiyi, n'kupatsa mlendo asanapatse mwini nyumba.

"Adada, kodi munasintha ana angati mayina? Ndidziwiretu, ndiwonjezere makapu."

A Msiska anayang'ana kumsewu, kenako anafunsa ngati jekete lawo lakuda linali lositidwa.

Lachitatu anakwera matola limodzi, kudutsa Bolero mpaka ku boma. Pamaso pa woweruza, bambo wokalambayo anagwira Baibulo n'kunena kuti mwana amene analemba mayeso monga Ida Harawa ndi uyu, ndipo amene anasintha dzinalo ndi iwowo.

Onse awiri atafika ku ofesi, kalaliki uja anawerenga chikalata cha kukhothicho katatu, ngati akufunamo fupa. Atalisowa anadinda.

"Mwavelifaya?" anafunsa Tionge.

"Tavelifaya."

"Simunatero inu. Atero ndi awa. Inu mwangodinda."

Lero Tionge amakwera pamadenga kuyambira ku Hewe mpaka ku Nkhamanga, kumanga mapanelo ndi kulumikiza mabatire. Akamaliza amalemba dzina lake mkati mwa bokosi la mawaya, kuti chikavuta adziwe womuitana.

Iwe amene akubweza pakhomo la ofesi chifukwa cha zimene akuluakulu anakuchitira uli mwana, usapite kukakhala pansi. Funsa chimene akufuna, funsanso tanthauzo lake, kenako pita kwa amene anaona ndipo usachoke. Mtima usaugwetse, koma dziwiratu kuti sizibwera zaulere.

Tionge zinamudyera masiku asanu ndi awiri osagwira ganyu, eni fodya n'kumupatsa wina wosoka. Anagulitsa nkhuku zake zinayi kuti akwere matola. Mtende anatenga chifuwa cha fumbi chomwe chinatha mwezi. A Msiska anaimitsidwa ukulu wa mpingo miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akakumana naye panjira amangokweza dzanja. Ida mpaka lero samuyankha moni.