Ng'ombe Imene Inatsala Pang'ono Kusutidwa

Nditchuliretu mboni, chifukwa pali anthu amene amati ndimakokomeza nkhani. Yoyamba ndi telala amene ankasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi boda ya Mchinji, mwini bolodi la sikirabo, masewera opanga mawu a Chingerezi ndi zilembo, ndi dikishonale yake. Yachiwiri ndi mayi wogulitsa zitumbuwa pakhonde lomwelo. Yachitatu ndi mlonda wa pamalo oimika mathiraki, koma ameneyo musamukhulupirire kwambiri, poti ndiye anafuna kusuta umboni.

Matipate anali atangoyamba kumene, aliyense akuyankhula momasuka. Nchifukwa chake dalaivala wina wa ku Zambia, amene ankadikira mapepala a thiraki yake, ananena pagulu kuti Chingerezi cha Amalawi chimathera pa moni. Ine ndinati tisewere sikirabo. Iye anabetcha makwacha zikwi khumi. Ine ndinaika njinga.

Njingayo inali ya apongozi. Ndinali mkamwini, ndipo anandibwereka kuti ndikagule mankhwala opopera fodya. Mkamwini wobwerera pansi atapita pa njinga ya apongozi sapita kunyumba. Amangopitirira kwawo.

Lamulo la pakhondepo linali losavuta: ukaika mawu, unene tanthauzo lake. Mnzako akatsutsa, mawuwo apezeke m'dikishonale. Akapanda kupezeka, uchotse zilembo zako.

Dalaivalayo ankasewera ngati anabadwira m'dikishonale. Pofika kumapeto anali patsogolo, ine nditatsala ndi zilembo zitatu: Z, E ndi B. Thukuta limene ndinatuluka linanyowetsa nsalu zimene telala anapachika kumbuyo kwanga, mufunse. Kenaka ndinaona U ali yekha m'mphepete, pafupi ndi kabokosi kofiira kochulukitsa katatu. Ndinakumbukira alangizi a ziweto pa dibi. Ndinaika ZEBU, mawu okwanira kumupitirira ndi kupambana.

"Ni chani ichi, mudala?" anafunsa dalaivala.

"Ng'ombe ya linunda. Zomwe mwazilambalala pamsewu zija."

"Awe. Ichi ni Chichewa cha kumunda. Vula buku." Ankatanthauza kuti nditsegule, ngakhale ine ndinali wokonzeka kuvula chilichonse.

Telala anatsegula kumapeto. Anabwerera mmbuyo. Anapitanso kumapeto. Dikishonale inathera pa Y.

"Achimwene," anatero telala motsitsa mawu, "Z mulibe."

Dalaivala anaimirira, nagwira mahandulo a njinga. Anati mapepala ake akangodindidwa, njinga ikwera pamwamba pa katundu. Anayamba kuizungulitsa pabwalo kuti aone ngati ndi yabwino, munthu wake wolemera ngati matumba atatu a mtedza. Tayala la kumbuyo linalira.

Apa ndi pamene mayi wa zitumbuwa anayankhula, osakweza ndi mutu womwe. "Bukulo si limene amabwereka amdala olondera aja? Amati pepala lake ndi lofewa, chingambwe chimakoma."

Zinadziwika kuti mlonda ankang'amba masamba kuyambira kumbuyo, poganiza kuti palibe munthu amawerenga buku mpaka kumapeto. Tsamba lomaliza analing'amba mmawa womwewo.

Ndinathamanga. Chithunzithunzi changa chinafika ine nditayamba kale kupereka moni.

Ndinawapeza amdalawo atakhala pa tayala lakutha, ndudu yopichira ili pakamwa, utsi ukukwera bwinobwino.

"Agogo, zimitsani fodyayo!"

"Wandigulira ndiwe?"

"Muli ng'ombe mmenemo."

Anandiyang'ana, nayang'ana ndudu, nakoka mpweya wina wautali. Moto unayenda ndikuuona, ukudya zilembo chimodzichimodzi. Kumsewu ndinamva dalaivala akuitanidwa kuti akatenge mapepala ake.

"Agogo, chonde. Banja langa lili pa nduduyo."

"Ng'ombe, tsopano banja. Iwe mwana, wasuta chiyani?"

Ndinalonjeza ndudu za m'paketi. Anati za m'paketi zimawatsokomoletsa. Ndinalonjeza zitumbuwa. Anafunsa ngati zili zotentha. Pamene ankafunsa, ndudu inkafupika. Sindinadikirenso, ndinaizimitsa ndi zala zanga pakamwa pawo pomwepo. Chipsera chilipo mpaka lero, ndimachionetsa kwa aliyense wokayika.

Tinaifutukula pa makina a telala, tonse titasunga mpweya kuti phulusa lisauluke. Injini ya thiraki inali ikulira kale. Pepala linali lachikasu ndi malovu, theka lake litapsa. ZEBRA, mbidzi ija, inali itapita yonse, kunatsala mchira wokha wa tanthauzo lake. Pansi pake penipeni, m'mphepete mwa pamene moto unalekezera, panali ZEBU.

Telala anavala magalasi, nawerenga pang'onopang'ono, namasulira: ng'ombe ya linunda.

Dalaivala anawerenga yekha kawiri. Ananunkhiza pepalalo. Kenaka anasiya mahandulo, nati ndalama alibe m'thumba, adzatumiza. Njinga ndinaikankha ulendo wonse, tayala litaphwa. Apongozi ndinawauza kuti ndi minga, ndipo anati minga ya chaka chimenecho inalidi yoipa.

Mvula inagwa, fodya anakololedwa, ine ndikupita kukhonde lija kukafunsa. Tsiku lina telala anandipatsa envulopu yonenepa imene inabwera ndi dalaivala wina. Munali makwacha zikwi khumi, osaperewera. Palibe amene anafunsa tsiku lija kuti ndi kwacha ya dziko liti. Inali ya ku Zambia, imene masiku amenewo inali yopanda mphamvu poyerekeza ndi yathu. Osintha ndalama pa boda anandipatsa zokwanira chubu chatsopano cha njinga ya apongozi, ndi zitumbuwa za amdala aja, zotentha.