Mwaye wa pa sola ndi chifuwa cha bambo anga

Lachiwiri lapitali ndinakwera padenga la nyumba yathu ku Rimuka kukapukuta sola. Batire inali itayamba ulesi, kumangothima tisanamalize n'komwe kuonera nkhani. Nditapititsa kansanza konyowa pagalasipo, kanabwerako kali bii ngati ndapukuta kunsi kwa poto. Silinali fumbi lofiira lija tinalizolowera ayi. Unali mwaye.

Chinandizunguza mutu n'chakuti mu Febuluwale ndinakweranso pomwepo, ndipo kansanza kanatsika koyera ndithu. Denga ndi lomweli, tauni ndi yomweyi. Nanga chasintha n'chiyani?

Ndili pamwambapo ndinamva bambo anga akutsokomola pakhonde. Iwowa anakalambira mumgodi, ndipo chifuwa chawo n'chofooka. Chaka chilichonse chifuwacho chimayamba mu Juni, chimafika poipa mu Ogasiti ndi Seputembala, mvula ikagwa chimaleka chokha. Chaka chatha anagonekedwa m'chipatala, ndipo ndisabise, ndimaopa kuti ulendo wina sadzabwerako. Koma ndinali ndisanaganizepo kuti chodetsa sola ndi chomwechonso akupuma iwo.

Nditatsika ndinawaonetsa kansanzako.

"Ndi magonyeti a mumsewu wa ku Bulawayo amenewo, mwanawe," anatero. "Utsi wake suuona?"

"Koma ababa, malolewo amayenda chaka chonse. Kodi mu Febuluwale anali pa holide?"

Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. "Kale tinkanena chumuni za mafakitale. Lero zambiri zili zii. Tsono iwe wophunzira, kafunse mvula."

Ankandinyoza, koma analasa. Mvula imatsuka mpweya monga imatsukira denga. Ikangoleka, chilichonse chimene tayatsa chimatsala nafe. Ndiponso mwaonapo mmene utsi umachitira m'mawa wa chisanu? Sukwera kumwamba. Umayala m'munsimunsi, pamwamba pa nyumba, kudikira kuti dzuwa liwombe. Ife n'kumati ndi nkhungu.

Lachinayi ndinalawirira ku Chegutu pa kombi, minibasi ya kuno, maso ali pazenera. Tchire linali litapsa mbali zonse za msewu, zitsa zina zikufukabe. Ndinangofunsa mokweza kuti kodi amayatsa ndani, ndipo ndinaputa mavu.

"Makorokoza!" anatero mayi wina wa dengu la tomato, kunena anthu okumba golide aja. "Amatentha udzu kuti aone bwino pokumba."

Dalaivala, yemwe amadziwa kuti makolo anga anachokera ku Nyasalande, anandiyang'ana pagalasi. "Aiwa, amai, musanamizire makorokoza. Ndi abale awo a mudhara uyu, osaka mbewa!" Mudhara wakeyo, ndiye kuti mdala, ankanena ine.

Kombi yonse inafa nacho chiseko, inenso ndinaseka, poti mbewa ndimadyadi. Bambo wina amene anakwera ndi chikombole cha njerwa sanaseke. Tinali tikudutsa uvuni wake ukufuka, iye maso ali pa foni. Dalaivalayo naye, kombi yake ikamakwera kamtunda, kumbuyo kunkachita mdima ndi utsi. Paja anyani amasekana zikundu.

Ndinabwerako nditamvetsa kuti mwayewu uli ndi kalendala yake. Mu Juni ndi Julaye ndi wa mbaula ndi nkhuni, makamaka magetsi akazima. Udzu ukauma umabwera wa m'tchire ndi wa njerwa. Wa malole uja ndi mlendo wa chaka chonse, ameneyo sitingamukane. Uti umaposa unzake? Sindikudziwa, ndipo ndikanakonda wina wodziwa kuyeza atabwera kudzatiuza ife a ku Rimuka ndi ku Waverley, osati kungoyezera ku Harare.

Koma wina ndinaupeza popanda makina. Lachisanu m'mawa ndinasesa masamba a mango ndi timapepala ta pulasitiki, n'kuunjika kuseri kwa nyumba, n'kuyatsa. Ndakhala ndikuchita zimenezi chiyambire chisanu, ndipo ndimadzitama kuti pabwalo panga m'paukhondo. Moto utagwira, ndinamva kutsokomola kuseri kwa khoma, pafupi kwambiri. Nditadzutsa mutu ndinaona utsi wanga ukulowa pa zenera losweka la chipinda cha bambo.

Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha. Ndinathira pamotopo ndowa yonse ya madzi, madzi ovuta kupezawa.

Sabata yonse ndinkafunafuna woyatsa, mpaka kukafika ku Chegutu, machesi ali m'thumba mwanga. Nanga inu, moto umene mwayatsa m'mawa uno uli pansi pa zenera la yani?