Nyenyezi Imene Inakana Kuzizira

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa Thandeka, mnzanga amene tinkakwera tekisi imodzi kuchokera ku Alexandra. Anamva kuti a Pulofesa Naidoo a ku yunivesite akufuna wothandiza wodziwa fizikisi ndi kompyuta. Atandilemba, bambo anga, amene bambo awo ankagwira ntchito m'migodi, anaseka: "Agogo ako ankakumba pansi, iwe wasankha kukumba kumwamba!"

Tinkafufuza zinthu zosaoneka zimene asayansi amazitcha dark matter. Siziwala, koma zimakoka. Ena amaganiza kuti nyenyezi imakola tizidutswa take, timene timamira mpaka pakati. Kumeneko kachidutswa kakagundana ndi zinthu zotentha kamatenga kutenthako n'kukakutula kunja, ndipo pakati pa nyenyezi pangazizireko.

Ine ndinkamanga nyenyezi m'kompyuta. Pulogalamu inkaigawa m'magawo ngati anyezi, gawo lililonse ndi kutentha kwake. Ndinkasintha kulemera kwa tizidutswato ndi kagundanidwe kake, kenako n'kuyerekeza magirafu, mizere yoonetsa zotsatira zake.

Tsiku lina girafu inaonetsa kuti pakati pazizira kwambiri. A Pulofesa anasangalala, nakonza zokaionetsa ku msonkhano. Kontirakiti yanganso inali pafupi kutha, ndiye nkhani yabwino ndinkaifuna kuposa iwo.

Koma mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti ubwereze ndi magawo opyapyala, uone ngati yankho silisintha. Ndinabwereza. Kuzizira kuja kunachepa. Nditapyapyalitsanso, kunangotsala pang'onong'ono. Sinali dark matter. Magawo athu ndiwo anali okhuthala.

Mawa lake linali tsiku la ulendo wawo. Ndinagogoda pa ofesi yawo n'kuwayalira magirafu atatu.

"Watsimikiza, Chikondi?"

"Ndatsimikiza. Mukafuna tiyendetse pulogalamuyo limodzi."

Tinayendetsa. Zotsatira zinali zomwezo. Kenako a Pulofesa anavula magalasi.

"Eish. Ikanandigwetsa pamaso pa anthu. Khala pansi, tikonzenso zonse."

Ku msonkhano anakanena zoona zake: pa kulemera kumene tinayesa, nyenyezi yathu siisintha kwenikweni. Atabwerako anandiwonjezera chaka.

Lero ndili ndi ophunzira anga. Wina akathamangira kwa ine ndi girafu yokongola, ndimamuyamikira, kenako ndimamubweza kukayesanso. Yankho limene ukulilakalaka ndi limene uyenera kulikayikira kwambiri.