Chilimwe Chimene Ndinali Tuna

Mchira uja udakalipo. Uli pamwamba pa chitseko cha nyumba ya amayi ku Mtendere, komboni yathu kuno ku Zambia, pa msomali umene atate anakhoma ndi mwala. Unauma, unada, ndipo nsonga imodzi anakukuta makoswe. Ndi wopindika ngati chikwakwa. Alendo amayesa ndi mankhwala. Si mankhwala. Ndi mchira wa nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa tuna. Kangapo konse ndafuna kukautaya kudzala, koma amayi amati tsiku limene ndidzaukhudze ndidzafune kokhala kwina.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Atate ankadula kapinga ndi kuthirira maluwa kunyumba ya bwana wina ku Ibex Hill, koyenda pansi kuchokera kwathu. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali dalaivala wa bwanayo, ndipo ndiwo anawapezera ntchitoyo. Kuseri kwa nyumba ya bwana kunali kaboti koyera, kokhazikidwa pa ngolo ya matayala awiri, kofundidwa tenti. Chaka chonse kankangokhala pomwepo. Ikakwana Novembala bwana ankakakoka ndi galimoto masiku atatu, kudutsa ku Katete ndi ku Tete, mpaka kugombe la Mozambiki. Kumeneko ankalowa nako m'kati mwa nyanja, kutali kosaonekanso mtunda, kukawedza tuna. Osati chifukwa cha njala. Kusewera chabe. Kuli anthu amene amatsata ndiwo mpaka dziko la eni kuti akangojambulitsa nayo.

Atate ndiwo ankatsuka botilo, kupaka girisi m'matayala, kupala dzimbiri pa mbedza zazikulu ngati dzanja langa. Zaka zisanu ndi chimodzi akupukuta chinthu chimene sanachionepo chikuyandama. Ndiye chaka chimenecho bwana anawauza kuti, "Ulendo uno upita nafe. Ukagwira yako." Mwina analankhula atakhuta. Atate anabwera nawo mawuwo kunyumba atawafumbata ngati dzira.

Anabwereka ndodo yakale yowedzera, yokhala ndi chiwilo chokulungira chingwe, ndi lamba wokhala ndi kachikho kutsogolo koikamo tsinde la ndodoyo. Anati akufuna kuphunzira kuti asakachite manyazi pamaso pa alendo a bwana. Koma kuphunzira kukoka nsomba kumafuna nsomba, ndipo ku Mtendere mu Okutobala ngakhale pampopi madzi amachita kudikiridwa. Nsombayo ndinakhala ine.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankandimanga chitenje cha amayi m'chiuno, n'kumangirira chingwe pa mfundo yakumbuyo. Iwo ankaima pakhomo, lamba m'chiuno, atalimbitsa miyendo.

"Donsa, mami! Donsa!"

Kudonsa kwathu kuno ndi kukoka. Ankanditchula mami chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Ine liwiro m'kanjira ka pakati pa nyumba, fumbi likuwotcha kumapazi, chiwilo chikulira kumbuyo kwanga ngati nyenje. Kenako ankachilimbitsa pang'onopang'ono, ndipo ndinkamva chitenje chikundidula pamimba. Ankakweza ndodo, kutsitsa akukulunga, kukweza, kutsitsa akukulunga, monga anaonera pa foni ya amalume. Malaya awo a kutchalitchi ankamatirira kumsana.

Ndinali nsomba yochenjera. Ndikafika pa chimbudzi cha aneba ndinkatembenuka mwadzidzidzi n'kuthamangira kwa iwo kuti chingwe chikhwefuke. Iwo kukulunga mothamanga. Ndikaona kuti andipeza ndinkakhotera kumanzere, n'kuzungulira pabwalo katatu, popeza amalume anati tuna ikatopa imazungulira pansi pa boti. Pomaliza ndinkagona chammbali m'fumbi, kukamwa yasa. Atate ankandinyamula m'mwamba ndi manja awiri akufuula, "Nagwira! Nagwira chikulu!"

Amuna a pathaveni ankatuluka ndi mabotolo awo kudzaonerera. "Bamudala, nsomba yanu ili na mendo!" Atate ankaseka nawo. Amayi okha sankaseka. Ankangoti, "Munthu wa ku Katete na nyanja, vigwirizana pati?" n'kulanda chitenje chawo kukachikutumula.

Ine pakamwa sipankatsekeka. Ndinalengeza m'kalasi kuti atate akupita kukagwira nsomba yaikulu kuposa munthu. Aphunzitsi anandiitanira kutsogolo, pa mapu ong'ambika, n'kundipatsa rula. "Tisonyeze nyanja yamchere mu Zambia." Ndinaima. Rula inkayendayenda pa Kariba, pa Bangweulu. "Atate ako amadula kapinga. Khala pansi, usiye bodza." Kalasi yonse inagwa nacho chiseko, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Kapenta, tinsomba ting'onoting'ono tija.

Sukulu ndinaisiyira mu Giredi 9 ndipo sindiisowa. Koma aphunzitsi aja ndimawakumbukira kuposa ena onse, chifukwa sananame. Ndicho chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero.

Ndinakalira kunyumba. Atate anandipukuta mamina ndi chala chawo chachikulu, chonunkha girisi. "Nizabwela na muchila wake. Uzabaonesa." Iwo anali mkulu wa mpingo, munthu amene ankabweza ngakhale singano yotola. Akanena chinthu chinkakhala chomwecho.

Ananyamuka m'mawa atavala nsapato za kutchalitchi, zovala zili m'chikwama changa chakale cha kusukulu. Anakhala masabata awiri ndi masiku awiri. Mvula yoyamba inagwa iwo kulibe, tinjira tonse tinasanduka matope, ndipo ine ndinkangoganiza kuti madzi onsewa akutsikira kumene kuli atate.

Anabwera atada bii, milomo itang'ambika. Amayi anawabweretsera botolo la madzi a m'nyanja. Ndinalawa, ndinalavula. Ine anandipatsa phukusi la nyuzipepala lonyowa ndi mchere. Fungo lake linadzaza nyumba, ntchentche zinabwera ngati zaitanidwa. Unali mchira, wolimba ngati thabwa, wobiriwira mwakuda, ndi timinga tachikasu m'munsi mwake.

Madzulo amenewo dzuwa lisanalowe aneba anasonkhana pakhomo, ngakhale amuna a pathaveni aja. Amalume anakhala pa njerwa chapatali. Atate anaimirira, opanda ndodo, manja ali m'malere, n'kuyamba kufotokoza. Anati nsombayo itameza mbedza inathawa liwiro loopsa, chiwilo chikulira. Anati kenako inatembenuka mwadzidzidzi n'kuthamangira kuboti, chingwe n'kukhwefuka. Anati atakulunga inakhotera kumanzere. Inazungulira katatu. Pomaliza inagona chammbali, kukamwa yasa.

"Monga ine!" ndinakuwa. "Batate, monga ine!"

Anthu anaomba m'manja. Amalume anadzuka, anakutumula thalauza lawo, n'kuchoka osadya. Amayi anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo atabwerera sanayang'ane munthu kumaso.

Mawa lake ndinapita nawo mchira kusukulu. Aphunzitsi anaugwira ndi zala ziwiri, anautembenuza, n'kunena kuti ndikauike panja ukununkha. Sanapepese. Koma dzina la Kapenta linatha, ndipo sabata yonse ana ankandipatsa zitumbuwa kuti angoukhudza.

Zoona zake ndinazimva patapita zaka zisanu, pamaliro a atate. Amalume anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale. Anali atamwa. Palibe anawafunsa.

"Batate bako sibanakwele mu boti."

Anati m'mawa woyamba pagombe, boti lili kale m'madzi, atate atavala kale lamba uja, bwana anatembenuka n'kufunsa, "Kodi umatha kusambira?" Zaka zisanu ndi chimodzi ali nawo pakhomo, masiku atatu ali nawo m'galimoto imodzi, funsolo anakalikumbukira pamchenga. Atate akanangoti inde. Majekete oyandamitsa munthu analimo m'botimo. Amalume akuti anawatsinzinira diso, anawaponda ndi phazi. Atate anati ayi. Bwana anati sakufuna mlandu wa munthu womira m'dziko la eni, ndipo pamalo pawo panakhala mnzake wa bwana amene anali ndi kamera.

Masiku khumi atate analonda galimoto pansi pa mtengo wa kokonati, akuyang'ana kaboti kakuchepa, kakuchepa, mpaka kusowa. Kakabwera ankatumbula nsomba za eni ake n'kutsuka magazi m'boti. Mchirawo anautola pamulu wa zotaya, atathamangitsa agalu.

Sindinalire. Ndinafunsa amalume ngati amaliza, n'kupitiriza kutsuka mbale. Lero ndimadula nsomba za makerele zoundana pamsika wa Mtendere, manja atachita dzanzi kuyambira m'mawa, ndipo michira ndimaponyera amphaka. Bwana uja ndimamuonabe Novembala aliyense akudutsa pa Great East Road, kaboti kali kumbuyo. Sindimufunira zoipa. Ndimangofuna atamira pang'ono, osafa, kungomwa madzi okwanira kuti akumbukire funso lake.

Koma amene ndimakwiya nawo kwambiri ndi atate. Liwu limodzi lokha, inde, likanawakweza m'boti. Analikana chifukwa linali bodza. Ndiye anayenda masiku atatu kubwerera kwawo, kudzaima pamaso pa aneba, pamaso pa mlamu wawo amene anaona zonse, n'kunena bodza lalitali kuposa chingwe chija. Bodza lawo loyamba analisungira ine.

Ndodo ija sanabwerenso nayo kunyumba. Lamulungu lotsatira atangobwera kuulendo uja ndinadzimanga ndekha chitenje n'kuima pakhomo. Anati msana ukuwawa. Anakhala pampando wawo, nsapato za kutchalitchi zili pambali, akugogoda imodzi pansi. Munkatuluka mchenga woyera. Ndinakhala pamiyendo pawo n'kufunsa chimene chinkandivuta kuyambira tsiku lija.

"Batate, inali na mphamvu kupambana ine?"

Anayang'ana pamwamba pa chitseko nthawi yaitali. Dzanja lawo linali pa mfundo ya chitenje kumsana kwanga, likuimasula pang'onopang'ono.

"Iyayi, mami. Palibe inanidonsa monga iwe."

Ndinathamanga kukauza anzanga kuti ndine wamphamvu kuposa tuna.